Mafunso ndi Mayankho a Sayansi: Nambala ya Rf pa Puleti ya TLC

Makalata ambiri amene afika mwezi uno achokera kwa ophunzira, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'malabotale, ndipo akuzungulira nkhani imodzi, ya nambala yotchedwa Rf imene timaipeza poyeza makemikolo ndi njira ya thin-layer chromatography, imene ambirife timangoti TLC. Ndasankhapo makalata 6, ndipo mafunso ake ndawafupikitsa popanda kusintha mfundo zawo.

Funso: Tachita TLC koyamba m'labotale, ndipo nditawerengetsa monga momwe anatiuzira ndinapeza Rf ya 0.45. Masamu ake si ovuta, koma sindikumvetsa chimene nambalayi ikunena. Chinanso chondizunguza mutu n'chakuti buku lathu limaitcha retention factor, kutanthauza kugwiridwa, chonsecho kemikolo imene yagwiridwa kwambiri ndiyo imakhala ndi nambala yaing'ono. *Wophunzira wa chaka choyamba, Zomba*

Yankho: Funso lanu lachiwirilo likusonyeza kuti mwaganiza mofatsa, ndipo ndilifikira, koma ndilole ndiyambe ndafotokoza ntchito yeniyeniyo kuti owerenga amene sanalowepo m'labotale tiyendere nawo limodzi. Puleti ya TLC ndi kagalasi, kapena kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu, kamene mbali imodzi anakamata ufa woyera wosalala wa silika wokhuthala mamilimita 0.2 mpaka 0.25. Timajambula mzere ndi pensulo pafupifupi sentimita imodzi kuchokera m'munsi, n'kudontheza pamzerepo kadontho ka chinthu chimene tikufuna kuyeza titachisungunula. Kadonthoko kakauma timaimika puletiyo m'botolo lovindikira momwe muli solventi pang'ono, ndiye kuti zamadzimadzi zosungunulira monga hexane, ethyl acetate kapena methanol, ndipo solventiyo siyenera kufika pamzere paja, chifukwa ikafika imangotsuka kadonthoko n'kukasiya m'botolo. Solventi imakwera yokha mu ufa wa silika monga momwe palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi, ndipo ikamadutsa pamzere imanyamula makemikolo n'kumakwera nawo.

Makemikolowo safika malo amodzi, ndipo chifukwa chake chili mu silika. Pankhope pa ufawu pali timagulu ta okosijeni ndi haidirojeni totchedwa silanol, timene timagwira mwamphamvu mamolekyu amene akatswiri amati ndi polar, monga a shuga, a asidi ndi ena onse okonda madzi, koma mamolekyu amtundu wa mafuta timangowakhudza n'kuwasiya. Taganizirani anthu awiri amene anyamuka limodzi m'mawa kutsata msewu wodutsa m'midzi. Wina ali ndi abale pafupifupi pakhomo lililonse, choncho amaima kupereka moni, kuzonda odwala ndi kulandira mpando, pamene mnzakeyo ndi mlendo m'deralo ndipo amangoyenda. Akamayenda onse awiri liwiro lawo n'lofanana, koma dzuwa likamalowa mlendo uja amakhala ali patali, chifukwa mnzake wathera nthawi yambiri atakhala pansi. Molekyu nayonso ikakhala mu solventi imayenda pa liwiro la solventiyo, ndipo ikagwiridwa ndi silika imaima chilili mpaka itamasukanso.

Rf timaipeza pogawa mtunda umene dontho layenda ndi mtunda umene solventi yayenda, yonse iwiri kuyeza kuchokera pamzere woyambira, ndipo wa dontholo kuyeza mpaka pakati pake. Ngati solventi inakwera masentimita 8.0 ndipo dontho linafika pa masentimita 3.6, yankho ndi 0.45, lopanda sentimita kapena muyezo wina uliwonse kumapeto kwake. Nambalayi siingapitirire 1, pakuti chonyamulidwa sichingatsogole chochinyamula, ndipo amene wapeza 1.3 watembenuza masamu. Tanthauzo la 0.45 yanuyo ndi lakuti mamolekyu a kemikoloyo anathera pafupifupi magawo 45 mwa 100 a nthawi yonse ali mu solventi, ndipo magawo 55 otsalawo anali atamatirira pa silika.

Pa dzinalo, simunalakwe kudabwa. Chizindikiro cha Rf chinayamba ndi Consden, Gordon ndi Martin ku England mu 1944, pamene ankalekanitsa ma amino acid papepala, ndipo bungwe la IUPAC, limene limakhazikitsa mayina m'sayansi ya makemikolo, limaitcha nambalayi retardation factor. Dzina lakuti retention factor bungweli linalisungira nambala ina yolembedwa ndi chilembo cha k, imene imakuladi kemikolo ikamagwiridwa kwambiri. Ziwirizi n'zapachibale: mukachotsa Rf pa 1, n'kugawa yankholo ndi Rf yomweyo, mwapeza k. Kwa inu ndi 0.55 kugawa ndi 0.45, zimene zikupereka pafupifupi 1.2. Mabuku ambiri a sukulu anazolowera kusakaniza mayinawa, choncho pamayeso lembani dzina limene aphunzitsi anu akugwiritsa ntchito, koma mumtima dziwani kuti Rf imaonetsa mmene kemikolo yayendera, ndipo k ndiyo imaonetsa mmene yagwiridwira.

Funso: Ndimayeza caffeine wochokera m'masamba a tiyi. Mu October ndinapeza Rf ya 0.31, mu February chinthu chomwecho ndi solventi yomweyo zinandipatsa 0.40, ndipo buku limene ndinatengamo njirayi lili ndi nambala yosiyana ndi zonse ziwiri. Kodi wolakwa ndani pakati pa ine, mapuleti ndi buku? *Wogwira ntchito m'labotale, Blantyre*

Yankho: N'kutheka ndithu kuti palibe wolakwa, bambo, ndipo funso lanu ndilo ndikhalepo nthawi yaitali chifukwa vuto limeneli lafooketsa ophunzira ambiri amene ntchito yawo inali yabwino. Anthu amaiona Rf ngati dzina lobadwa nalo la kemikolo, longa kulemera kwa molekyu yake, kumene sikusintha kaya muli ku Nsanje kapena ku Chitipa. Rf si yotero. Imabadwa pamene zinthu zitatu zakumana, kemikolo, silika ndi solventi, m'botolo linalake pa tsiku linalake, ndipo chimodzi chikasintha nambalayo imasintha.

Miyezi imene mwatchulayo ikundipangitsa kukayikira chinyezi poyamba. Silika amayamwa madzi a mumpweya mofanana ndi momwe mchere umanyowera m'nyengo ya dzinja ngakhale palibe wauthira madzi. Madziwo amakakhala pa timagulu ta silanol tija, pamalo pomwe caffeine akanagwiridwa, choncho silika wonyowa amagwira mofooka ndipo madontho amakwera kwambiri. Mu October mpweya wa ku Blantyre umakhala wouma, pamene mu February mvula ili pakati, ndipo kukwera kwa nambala yanu kuchoka pa 0.31 kufika pa 0.40 kukugwirizana ndi zimenezi. Bokosi la mapuleti likakhala lotsegula pashelefu kwa miyezi, ngakhale chiperoni cha mu June ndi July chimakwanira kuwasintha. Chochita chake n'kuwotcha mapuleti mu uvuni pa madigiri 105 mpaka 110 kwa theka la ola, n'kuwaziziritsira m'chotengera chotseka bwino momwe muli choyamwa chinyezi, ndipo mukawatulutsa musachedwe nawo pabenchi, chifukwa m'mphindi zochepa amayambanso kumwa madzi a mumpweya.

Chachiwiri ndi mpweya wa m'botolo. Mukangothira solventi n'kuimika puleti nthawi yomweyo, mpweya wa m'katimo umakhala usanakhute nthunzi ya solventiyo, choncho solventi imene ikukwera papuleti imauluka ili m'njira. Kuti ifike pamwamba pamafunika yochuluka kuposa masiku onse, ndipo yochulukayo imadutsa pamadontho n'kuwakankhira m'mwamba. Kuulukako kumachuluka m'mbali mwa puleti, n'chifukwa chake nthawi zina madontho a chinthu chimodzi amakhota ngati uta, a m'mphepete atakwera kuposa a pakati. Ikani pepala losefera m'botolo kuti litsamire khoma n'kunyowa, vindikirani, ndipo dikirani mphindi 10 kapena 15 musanaike puleti. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndaona kuti mphindi zimenezi ndizo ophunzira amakonda kuzidumpha labotale ikatsala pang'ono kutsekedwa.

Mwati solventi ndi yomweyo, koma ndikufunseni ngati ndi yosakaniza, komanso ngati munaisakaniza tsiku lomwelo. Zosungunulira siziuluka mofanana: dichloromethane amawira pa madigiri 40, methanol pa 65, ethyl acetate pa 77. Botolo la zosakaniza likamatsegulidwa kawirikawiri m'chipinda chotentha, chouluka msanga chimachepa, ndipo zimene zinalembedwa pabotolo kuti magawo 9 kwa gawo limodzi zimakhala zitasintha. Methanol akangochuluka pang'ono, madontho onse amakwera. Kugwiritsa ntchito solventi imodzi pa mapuleti anayi kapena asanu motsatizana kumabweretsa vuto lomwelo. Ndikudziwa kuti zosungunulira n'zodula ndipo zimavuta kupeza, koma ndi bwino kusakaniza mamililita 10 atsopano m'kabotolo kakang'ono kusiyana ndi kusunga mamililita 200 mwezi wathunthu.

Palinso lula yeniyeniyo. Papuleti imene solventi yakwera masentimita 5, kuphonya milimita imodzi kumasintha Rf ndi 0.02, ndipo munthu akachedwa kulemba pamene solventi yafika atangotulutsa puleti, malirewo amauma n'kuzimiririka, iye n'kumangoyerekeza. Pa chifukwa chimenechi Rf timailemba ndi manambala awiri okha pambuyo pa kadontho, ndipo wolemba 0.4137 akudzinamiza.

Vutoli si la kwathu kokha ndipo si latsopano. Izmailov ndi Shraiber anayamba kulekanitsa mankhwala a zomera pa ufa wopyapyala mu mzinda wa Kharkiv ku Ukraine mu 1938, koma njirayi sinafale kwa zaka pafupifupi 20, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti aliyense ankadzikonzera ufa ndi magalasi mwanjira yake, zotsatira n'kumasiyana. Egon Stahl wa ku Germany ndiye anaikhazikitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, polinganiza mtundu wa silika, kukhuthala kwake ndi kakonzedwe ka botolo, ndipo buku lake la mu 1962 linathandiza kuti TLC ilowe m'malabotale a dziko lonse. Komabe ngakhale lero, ndi mapuleti opangidwa ku fakitale, malabotale awiri sapeza nambala yofanana ndendende.

Malangizo anga ndi akuti musiye kuthamangitsa nambala ya m'buku. Jambulani malo atatu pamzere woyambira: kumanzere ikani caffeine weniweni wodziwika, kumanja ikani zochokera m'tiyi wanu, ndipo pakati ikani zonse ziwiri pamalo amodzi, china pamwamba pa chinzake. Chinyezi, kutentha ndi solventi zidzakhudza malo atatuwo mofanana. Ngati pakati patuluka dontho limodzi lozungulira bwino, umboni wanu ndi wamphamvu, kaya nambala yake ndi 0.31 kapena 0.40, ndipo ngati patuluka awiri kapena limodzi lotalika ngati nambala 8, zinthuzo n'zosiyana. Polemba lipoti, Rf muziilemba pamodzi ndi mtundu wa puleti, solventi ndi magawo ake, komanso njira imene munaonera madontho, chifukwa popanda zimenezi wowerenga alibe chochita nayo.

Funso: Ndinamva kuti TLC amayezera mankhwala achinyengo. Ngati piritsi lapereka Rf yofanana ndi ya mankhwala enieni, kodi ndiye kuti ndi labwino? *Mayi wogulitsa mankhwala m'famase, Mzuzu*

Yankho: Mwamva zoona, mayi, ndipo nkhaniyi ndi yaikulu, pakuti mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti pafupifupi mankhwala amodzi mwa 10 alionse m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Pali chida chotchedwa Minilab, cha bungwe la Global Pharma Health Fund la ku Germany, chimene chimalowa m'masutikesi ndipo chimadalira TLC, ndipo ofufuza a kuno kwathu anachigwiritsapo ntchito pounika mankhwala a malungo ndi maantibayotiki. Koma yankho la funso lanu ndi lakuti kufanana kwa Rf pakokha sikukwanira.

Madontho awiri akasiyana malo papuleti imodzi, tinganene motsimikiza kuti makemikolowo ndi osiyana. Akafanana malo, chimene tinganene n'chakuti mwina ndi amodzi. Chifukwa chake n'chosavuta kuona: kuti maso alekanitse madontho awiri pamafunika kuti Rf zawo zisiyane ndi pafupifupi 0.05, choncho pakati pa 0 ndi 1 pali malo osapitirira 20, pamene makemikolo odziwika alipo mamiliyoni ambiri. Ambiri ayenera kugawana malo amodzi. Quinine ndi quinidine, mwachitsanzo, ndi apachibale kwambiri ndipo m'masolventi ambiri amayenda moyandikana, chonsecho mphamvu zawo pa mtima wa munthu n'zosiyana. Wofuna kutsimikiza amabwereza kuyezako ndi solventi ina yosiyana kwambiri ndi yoyamba, chifukwa zinthu ziwiri zosiyana sizikonda kuyendera limodzi kawiri konse, ndipo amaonanso ngati mtundu wa madontho ukufanana pansi pa nyali ya UV (ya kuwala kwa ultraviolet, kumene maso athu sakuona) kapena atawapopera mankhwala oonetsera.

Chachiwiri, Rf siinena kuchuluka. Piritsi la LA limayenera kukhala ndi mamiligalamu 20 a artemether ndi 120 a lumefantrine, ndipo piritsi lokhala ndi theka la muyezowu lidzapereka madontho pamalo oyenera ndithu, koma wodwala sadzachira bwino ndipo tizilombo ta malungo tidzapeza mpata wozolowera mankhwalawo. N'chifukwa chake njira ya Minilab imaika madontho awiri a mankhwala enieni papuleti yomweyo, lina la muyezo wathunthu ndi lina la magawo 80 mwa 100, kuti woyeza aone ngati kukula ndi kuwala kwa dontho la piritsi kuli pakati pa awiriwo. Pa LA pali chinanso chofunika kusamala, chakuti lumefantrine amaoneka mosavuta pansi pa nyali ya UV pamene artemether saoneka mpaka puleti itanyowetsedwa ndi sulphuric acid wosungunula n'kutenthedwa, choncho woyeza wopupuluma angaone dontho limodzi n'kuiwala kufufuza linzake. Piritsi likalephera pa TLC limatumizidwa ku labotale yaikulu kukayezedwa ndi makina olekanitsa makemikolo molondola kwambiri monga HPLC asanaweruze. Inu mukakayikira katundu amene mwalandira, musamugulitse, sungani mapaketi ndi manambala ake, ndipo dziwitsani bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Funso: Madontho anga amatuluka ndi mchira wautali, ndipo ena amathamangira pamwamba penipeni. Ndiyeze pati, nanga Rf yabwino ndi iti? *Wophunzira wa chaka chachitatu, Thyolo*

Yankho: Mchira kawirikawiri umabwera chifukwa chothira zambiri. Silika wa pamalopo amakhuta, zotsala zimasefukira kutsogolo, ndipo palibe pakati poti n'kuyezapo. Sungunulani kakhumi, donthezani kadontho kosapitirira mamilimita awiri m'lifupi, ndipo muyesenso. Mchira ukapitirira, kemikolo yanu mwina ndi asidi kapena ndi ya gulu la amine, ngati quinine, imene silika amaikakamira: pa asidi onjezani madontho ochepa a acetic acid mu solventi, ndipo pa amine onjezani ammonia kapena triethylamine pang'ono.

Dontho lokhala pamwamba penipeni kapena lotsalira pamzere woyambira silikuuzani kanthu, chifukwa makemikolo angapo angabisale m'menemo. Chepetsani solventi ya polar kuti madontho atsike, ionjezeni kuti akwere, mpaka agwere pakati pa 0.2 ndi 0.8. Ngati cholinga chanu n'kukalekanitsa zinthuzo m'chubu chodzaza silika, lingani m'munsi ndithu. Clark Still ndi anzake a ku Columbia University, pofotokoza njira ya flash chromatography mu 1978, analangiza solventi yopereka Rf ya pafupifupi 0.35. Solventi yofunika kuti kemikolo ituluke m'chubu imayenderana ndi 1 kugawa ndi Rf, choncho 0.2 ndi 0.3 zimapereka 5 ndi 3.3, zotalikirana bwino, pamene 0.7 ndi 0.8 zimapereka 1.4 ndi 1.25, zimene zimatulukira pamodzi ngakhale papuleti mipata yake inkaoneka yofanana.

Funso: Ogula mtedza wathu amanena za chuku ndi aflatoxin B1, B2, G1 ndi G2. Zilembo ndi manambalawa akuimira chiyani? Wina anatiuza kuti tingagule tochi ya UV n'kumayeza tokha. *Mlembi wa gulu la alimi a mtedza, Mchinji*

Yankho: Mayina amenewa anachokera pa TLC yeniyeniyo. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo ofufuza anapeza kuti poizoni wake amapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus. Atalekanitsa poizoniyo papuleti n'kuunika ndi nyali ya UV, anaona madontho anayi, awiri owala mobiriwira ngati thambo ndi awiri owala mobiriwira ngati msipu. Oyambawo anawapatsa chilembo cha B ndipo enawo cha G, kuchokera ku mayina a mitundu iwiriyo m'Chingerezi, blue ndi green, ndipo manambala 1 ndi 2 akusonyeza mmene madonthowo anayendera, pakuti B1 amakwera pang'ono kuposa B2, ndipo G1 kuposa G2. Woopsa kwambiri ndi B1, amene amayambitsa khansa ya chiwindi, n'chifukwa chake mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kupitirira mamaikirogalamu 2 a B1, kapena 4 a mitundu yonse inayi, pa kilogalamu.

Za tochi ndikukuletsani ndi mtima wonse. Zinthu zambiri zimawala pansi pa UV, ndipo mtedza wokhala ndi poizoni wochuluka ungathe osawala n'komwe. Chimene chimapereka umboni m'labotale ndi kuwala kwa mtundu woyenera pamalo oyenera, pambali pa dontho la aflatoxin weniweni papuleti yomweyo, poizoniyo atayamba watulutsidwa mu mtedza ndi kuyeretsedwa. Aflatoxin weniweniyo ndi woopsa kumugwira ndipo si wosunga m'nyumba yosungiramo mbewu. Gulu lanu lingapindule kwambiri potumiza zitsanzo ku labotale yovomerezeka, zotapidwa m'matumba ambiri ndi m'malo osiyanasiyana a thumba lililonse chifukwa chuku sichifalikira mofanana, komanso poumitsa bwino mtedza, kusankha woola ndi wofota, ndi kuleka kuuwaza madzi pofuna kuti usendeke mosavuta.

Funso: Sukulu yathu ilibe mapuleti a silika ngakhale nyali ya UV. Ndingawaphunzitse bwanji ana za Rf kuti asamangoloweza? *Mphunzitsi wa sekondale yoyendera, Ntcheu*

Yankho: Aphunzitsi, zimene muli nazo n'zokwanira. Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia amene anayambitsa njira yonseyi n'kuipatsa dzina lakuti chromatography mu 1906, analekanitsa mitundu ya m'masamba pogwiritsa ntchito ufa wa calcium carbonate m'kachubu ka galasi, wopanda magetsi kapena makina. Pepala losefera limagwira ntchito m'malo mwa puleti, ndipo masamu a Rf ndi omwewo.

Yambani ndi inki ya zolembera zojambulira zimene zimasungunuka m'madzi, makamaka yakuda, imene kawirikawiri imagawika m'mitundu itatu kapena inayi ikakwezedwa ndi madzi wamba. Lolani gulu limodzi lijambule mzere woyambira ndi inki m'malo mwa pensulo, kuti ana aone okha mzerewo ukusungunuka n'kuwononga zonse, pakuti akaona zimenezi sadzaiwalanso chifukwa chimene timagwiritsira pensulo. Kenaka, ngati mungapeze acetone ndi petroleum ether, sinjani masamba a bonongwe kapena nkhwani mu acetone pang'ono, donthezani madziwo pamzere kangapo mukudikira kuti aume, ndipo kwezani ndi magawo 9 a petroleum ether kwa gawo limodzi la acetone, mawindo ali otsegula ndipo moto uli kutali. Papepala mudzaona carotene wachikasu chofiirira pamwamba, xanthophyll wachikasu pansi pake, kenaka chlorophyll a wobiriwira modera, ndi chlorophyll b wobiriwira mwachikasu m'munsi. Chlorophyll b amatsalira chifukwa pamalo amodzi a molekyu yake pali kagulu kokhala ndi okosijeni kamene chlorophyll a alibe, ndipo kusiyana kochepa chotero kumaoneka ndi maso. Pa silika, ndi solventi ya hexane ndi acetone, ma xanthophyll amatsikira pansi pa ma chlorophyll onse awiri, choncho mwana wanu akadzafika ku yunivesite asadzadabwe kuona ndondomekoyo itasintha.

Phunziro limene ndingakonde kuti muwapatse ndi ili. Gawani kalasi m'magulu 6, onse ndi inki imodzi, koma ena avindikire mabotolo awo ndipo ena asavindikire, ena agwiritse madzi okha ndipo ena madzi othira mchere pang'ono, ena adontheze kadontho kakang'ono ndipo ena dontho lalikulu. Gulu lililonse lilembe Rf zake pabolodi, ndipo ana akayamba kutsutsana kuti olondola ndani, musawayankhe msanga. Apatseni pepala limodzi lalikulu, gulu lililonse lidontheze inki yake pamzere umodzi, muliimike m'botolo limodzi lovindikira, ndipo solventi ikatsala sentimita imodzi kufika pamwamba mulitulutse, mwana mmodzi alembe malire ndi pensulo nthawi yomweyo, ena onse ayezenso ndi malula awo.